Kiti ya waya wa nitinol ya pa kashopu ka ku Kopje: ndi yabwino, koma sensa mukagule padera

Kiti imeneyi ndi yabwino ndithu, ndayamba dala ndi zimenezi chifukwa m'munsimu muli madandaulo angapo nde wina asaone ngati ndikuinyoza ayi. Ikupezeka pa kashopu kena ka zida zamagetsi Harare muno, kumunsi kwa tauni mbali ya ku Kopje kuja kumene anyamata okonza mafoni anadzazana, kashopu kopanikiza koti mukalowa anthu atatu wachinayi adikire panja. M'kathumba mwake mumapezamo waya wa nitinol (waya wofupika yekha akatentha) mita imodzi wonenepa mamilimita 0.15, tizitsulo tofinyira kumapeto kwa waya tija amati ma crimp, masipuling'i awiri, kabodi ka MOSFET (kaswitchi ka magetsi kolamulidwa ndi pulogalamu) ndi kapepala kamodzi ka malangizo basi. Pambali pa kitiyo amagulitsanso tima piezo stack, ndinatengako kamodzi ndipo nkhani yake ndifikapo.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi ma laptop, koma amene anandikokera ku zimenezi ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata yemwe akuphunzira za uinjiniya ndipo Loweruka lililonse amakhala pa benchi panga. Akufuna kupanga kadzanja ka loboti ka zala ziwiri kotola tizida tating'onoting'ono ta pa bodi, monga resistor ya 0603 ija yomwe ndi mamilimita 1.6 m'litali ndi 0.8 m'lifupi, kazitola osaiphwanya osaigwetsa kenako nkukaikhazika pamalo pake. Ka servo kotchipa kaja pa ntchito ngati imeneyi sikathandiza, ndi kakakulu, ndiponso magiya ake ali ndi kampata pakati pa mano nde chala chimagwedera ngakhale mota itaima. Iye ndi amene anati, "Amalume, bwanji tiyese waya uja wofupika yekha akatentha?"

Mwini shopu ndi bambo achikulire, makolo awo anachokera ku Dedza nthawi ija anthu a ku Nyasaland ankabwera kudzasaka ntchito kuno kukadali Salisbury, Chichewa chawo chinasakanikirana ndi Chishona koma mumamvana bwinobwino. Pa kasamalidwe ka kasitomala ndilibe nawo mlandu. Ataona kuti tikukayika anati, "Achimwene, musatulutse kaye ndalama, taonani apa." Pakhoma kuseri kwa kauntala anakhomapo msomali, pamsomalipo papachikidwa kawaya kowonda koti ukapanda kuyang'anitsitsa sukaona, kumunsi kwake amangirira mpukutu wa makiyi ndipo pakhoma analembapo timizere tiwiri ta pensulo. Anagunditsa mawaya a batire uku ndi uku, makiyi aja anangoyamba kukwera phee, opanda phokoso ngakhale pang'ono, kuchoka pa mzere wam'munsi mpaka wapamwamba. Atachotsa batire makiyi sanatsike pompo, anaima kaye ndithu, kenako nkuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pamalo paja. Ndalama amalandira madola kapena EcoCash, chenji chikavuta amakupatsa ma resistor kapena ka heat shrink, zomwe kwa ife okonza zinthu si zodandaulitsa.

Wayayu ndi chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium pafupifupi theka ndi theka, ndipo khalidwe lakeli analitulukira William Buehler ndi Frederick Wang pa Naval Ordnance Laboratory ku America cha m'ma 1960. Akakhala wozizira mkati mwake mumakhala mwa mtundu womwe amautcha martensite, wofewa, moti ukamukoka amatamuka nkukhala choncho. Akatentha nkudutsa pamlingo wake mkatimo mumasanduka austenite ndipo amabwerera mwamphamvu ku utali womwe anaphunzitsidwa ku fakitale. Kufupikako ndi pafupifupi 4 peresenti ya utali wake, nde ife titadula masentimita 20 tinapeza kayendedwe ka mamilimita 8 kapena kuchepera pang'ono. Sabwerera yekha akazizira, pamafunika chinthu chomukoka, ndiyo ntchito ya sipuling'i ija. Chitsulo chomwechi ndi chomwe chili mu waya wowongolera mano wa ma braces komanso mu ma stent otsegulira mitsempha ya magazi, si chinthu chachilendo kwenikweni kungoti sitimachiona.

Dandaulo langa loyamba ndi kapepala ka malangizo. Kamangonena kuti lumikizani apa ndi apa muone waya akufupika, za kuchuluka kwa magetsi, kulemera komwe anganyamule, kapena madigiri omwe amasinthira, palibe ngakhale mzere umodzi. Manambala tinakawatenga pa datasheet ya Dynalloy, kampani ya ku California yomwe imapanga waya wotchedwa Flexinol, poti kunenepa kwake nkofanana ndipo titayeza resistance ndi multimeter zinayandikana. Pa waya wa 0.15 mm iwo amalemba ma ohm 55 pa mita, mphamvu yokoka magalamu 321, magetsi pafupifupi 410 mA kuti afupike mu sekondi imodzi, ndipo sipuling'i yomubweza izikoka magalamu 128 kapena chapompo. Mukawerengetsa, masentimita 20 ndi ma ohm 11, nde mukufunika ma volt 4.5, kutanthauza kuti power bank ya foni ya 5V ikukwanira. Zimenezi ndinazikonda kwambiri chifukwa magetsi akathima masana onse monga zimakhalira kuno ntchito siima. Koma onani, 5V pa ma ohm 11 ndi 455 mA, yapitirira kale, nde mu pulogalamu tinaika malire kuti PWM, nambala yolamula kuchuluka kwa magetsi opita ku waya, isadutse cha m'ma 200 pa 255. Waya ameneyu ukamuwotcha mopyola amaiwala zomwe anaphunzitsidwa, amatamuka osabwereranso, ndipo palibe chenjezo, sachita utsi sanunkha, umangoona kuti lero sakufikanso pomwe amafika dzulo. Munthu wogula kiti koyamba akuyenera kuuzidwa zimenezi pa kapepala.

Lachiwiri, pathumba sanalembe ngati ndi waya wofupika pa madigiri 70 kapena wa 90, ndipo bambo aja ananena mosabisa kuti nawonso amene amawabweretsera katundu kuchokera ku Johannesburg sanawauze. Tinayesa tokha kunyumba, kuthira madzi otentha mu botolo lalitali, kuponyamo thermometer, nkumiza kawaya komangirira kanati kumunsi. Madzi ali cha m'ma 75 mpaka 80 kawaya kanafupika, nde ndi wa 70. Mukamayesa kumbukirani kuti Harare ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,500, madzi kuno amawira cha pa madigiri 95 osati 100, komabe ndi okwanira kuyesera mitundu yonse iwiri. Kusiyanaku nkofunika chifukwa waya wa 90 amazizira msanga, pa datasheet ija ndi masekondi 1.7 pomwe wa 70 ndi masekondi 2, ndipo mu October dzuwa likamaotcha malata a shedi kusiyanako kumakula kuposa pamenepo.

Kabodi ka MOSFET kali ndi IRF520. Ndi Arduino Uno ya 5V, kabodi koyendetsa pulogalamu, kamagwira ntchito poti magetsi ake ndi ochepa, koma mnyamata uja atasamukira pa kabodi kena kotchedwa ESP32 ka 3.3V waya amangofunda osafupika, chifukwa MOSFET imeneyo imatha kufuna mpaka 4V pa gate kuti ingoyamba kutseguka. Amene analongeza kitiyi akanaikamo ya logic level ngati IRLZ44N, ife tinasintha tokha. Ndipo musayese kulumikiza waya molunjika pa pini ya Arduino, pini imodzi imayenera kutulutsa 20 mA basi. Ma crimp nawo ndi ochepa, ndipo simungawalambalale, nitinol sagwira mtovu wowotcherera ngati kopa chifukwa cha kakhungu ka oxide komwe kali pamwamba pake. Akatha gwiritsani kabawuti kakang'ono ndi mawashala awiri, kulungani waya kamodzi nkumanga, zimagwira bwino.

Tsopano nkhani yeniyeni, yomwe yandichititsa kulemba zonsezi. Kufupikitsa waya nkosavuta, mwana wa pulayimale atha kuchita. Kumuimitsa pakati, pamalo pomwe iwe ukufuna, nkukhala pomwepo, imeneyo ndiye ntchito, ndipo kitiyi ilibe chilichonse chokuthandiza pamenepo. Poyamba mnyamata uja analemba tebulo, PWM yakuti chala chimatseka mwakuti, PWM yakuti chimatseka mwakuti, kuti loboti izingowerenga tebulolo. Sizitheka. Tinene kuti mukukweza PWM kuchokera pa 0 mwafika pa 140, chala chatseka pang'ono. Pitirizani mpaka 200 chitseke chonse kenako tsitsani mubwerere pa 140 yomweyo, mupeza chala chidakali chotseka pafupifupi chonse. Nambala ndi imodzimodzi koma malo ndi awiri osiyana, kutengera komwe mwachokera. Imeneyi ndiyo hysteresis, ndipo imabwera chifukwa kutentha komwe martensite imasandukira austenite ndi kokwera kuposa komwe austenite imabwererera ku martensite, kusiyana kwake kumafika madigiri makumi awiri kapena kuposa. Ndi zomwe zinaimitsa makiyi aja m'mwamba batire atachotsa kale. Ndipo mukabwerera muli pakati panjira musanafike kumapeto, waya amatsata kanjira kena kamkati, nde si matebulo awiri okha omwe mukufunika, malo ake amadalira mbiri yonse ya momwe mwamutenthetsera ndi kumuziziritsa.

Pamwamba pa zimenezo pali mphepo. Kawaya kowonda chonchi kamamva chilichonse, wina akatsegula chitseko chala chimatseguka, ukapumira pafupi chimasuntha, fani ya laptop yomwe ili pa benchi ikazungulira chimasunthanso. Zomwe munakonza m'mawa wa July kukuzizira kuja anthu atavala majekete awiriawiri sizigwiranso masana a October. Katundu yemwe chala chanyamula naye amasintha zinthu, waya akamakoka cholemera kutentha kosinthira kumakwera. Nde aliyense amene akuganiza kuti agula kitiyi nkumalamula malo ndi nambala ya PWM yokha, asataye nthawi, pakufunika diso loona pomwe chala chili.

Diso lathu linali AS5600, kachipu kowerenga kuzungulira kwa maginito, komwe pashopupo panalibe mpaka tinachita kuitanitsa kwina nkudikira. Umamata maginito pa ekiselo ya chala, kachipu kali moyang'anana naye osamugunda, ndipo kamagawa kuzungulira kumodzi mu magawo 4096, ndiye kuti gawo limodzi ndi madigiri 0.088. Pa chala chathu cha mamilimita 40 zimenezo ndi pafupifupi mamilimita 0.06 kunsonga. Kamalankhula ndi Arduino pa I2C, mawaya awiri basi osawerengera a magetsi. Titaika zimenezi ndi pomwe kiti inasanduka chinthu cha ntchito, ndipo mtima wanga unakhala pansi kuti ndalama sinapite pachabe.

Komabe PID ya m'buku, njira yoti pulogalamu iziyerekeza pomwe chala chili ndi pomwe chikufunika nkumakonza magetsi, ukangoikopera sigwira bwino, ndipo chifukwa chake ndi chosavuta kumva. Wayayu ali ngati mphika wa phala, ukafuna kuti utenthe umasonkhezera moto nkutentha msanga, koma ukafuna uzizire ulibe chochita koma kuphula nkudikira. Pulogalamu ili ndi mphamvu mbali imodzi yokha, PWM singatsike kupitirira 0. Nde chala chikapitirira malo, pulogalamu imazimitsa magetsi nkumadikira, ndipo nthawi yonse yodikirayo gawo la PID lotchedwa integral limangounjika cholakwika chija, pofika nthawi yoti iyatsenso imakhala yachedwa, chala chatseguka kupyola, kenako imawotcha mwamphamvu nkupitiriranso mbali inayo, kumangopita uku ndi uku osakhazikika. Mankhwala ake ndi oti integral iziima kuwerenga nthawi iliyonse yomwe PWM yagunda 0 kapena yagunda malire apamwamba. Mzere umodzi kapena iwiri ya code, koma kusintha kwake munthu umachita kuona ndi maso, chala chomwe chimanjenjemera chija chinangofika pamalo nkukhala duu.

Zina zomwe zinathandiza, tinaika ma gain, mphamvu yomwe pulogalamu imayankhira cholakwika, osiyana potenthetsa ndi poziziritsa, komanso pamene chala chili chotseguka sitizimitsa magetsi onse, timasiya pang'ono kuti waya akhale wofunda pafupi ndi posinthira, nde akalamulidwa sachedwa kuyamba. Tinachotsa fani mu laptop yakufa nkuiika pa MOSFET yachiwiri kuti pulogalamu iziyatsa pokhapokha ikafuna kutsegula, apo ndiye kuti yapeza kamphamvu mbali ya kuzizira. Tinatchinganso waya ndi kakatoni m'mbali kuti mphepo ya m'chipinda isamufike koma ya fani izidutsa. Mnyamata uja akufuna kuchotsa sipuling'i aike mawaya awiri okokana, wina wotseka wina wotsegula, ndipo anthu amachitadi zimenezo, koma ndinamuuza kuti, "Iwe, uonetsetse kuti asatenthe onse awiri nthawi imodzi," chifukwa akatero amakokana mpaka kutamuka onse. Ndipo amene mukufuna mphamvu yochuluka musathamangire waya wonenepa. Wa 0.25 mm amakoka magalamu 891 inde, koma amafuna ampere yathunthu ndi kupitirira ndipo kuzizira kwake ndi masekondi oposa 5. Bola mawaya owonda angapo moyandikana, wa 0.1 mm amazizira mu sekondi imodzi yokha.

Zotsatira zake, resistor ya 0603 kadzanja kamatola bwinobwino ndipo kamaigwira osaithawitsa, ukayang'ana pa microscope umaona nsonga ziwiri zija zikuyandikira mofatsa, kugunda m'mbali mwa resistor nkuima, popanda kugwedera kwa magiya kuja. Tizida ta 0201 tomwe tadzaza m'mafoni amakono, ta mamilimita 0.6 ndi 0.3, ayi sitinafikepo, pamenepo dzanja langa ndi tweezer zikupambanabe. Liwiro nalo ndi lochepa, kutseka ndi kutsegula kamodzi kumadya masekondi angapo, nde za loboti yothamanga kapena yoyenda ndi miyendo iwalani. Ndipo amadya batire, ma watt pafupifupi awiri pa kachidutswa ka masentimita 20 potenthetsa, ndipo kuti chala chikhalebe chotseka magetsi ayenera kumayendabe, ambiri mwa iwo amangothera mu kutentha.

Pali njira ina yomwe ikundisangalatsa kwambiri ngakhale sitinaimalize, yogwiritsa waya yemweyo ngati sensa. Resistance yake imatsika akamasanduka austenite, nde ukaika ka resistor kakang'ono mumzere nkumayeza magetsi odutsa ndi voltage ya pa waya utha kuyerekeza kuti wafupika bwanji. Makamera ena a mafoni omwe amagwiritsa tiwaya ta mtundu umenewu posuntha lens, luso lomwe kampani ya Cambridge Mechatronics ya ku England imadziwika nalo, amadalira njira yomweyi, pomwe makamera ambiri omwe timatsegula tsiku ndi tsiku ali ndi voice coil. Pa Uno vuto ndi loti ADC yake, choyezera voltage cha m'kati mwake, ndi ya magawo 1024 okha ndipo kusintha kwa resistance nkochepa, umafunika kuyeza pa nthawi yomwe PWM ili yoyaka komanso kukuza signal ndi op-amp. Kitiyi ikanakhala ndi ka resistor koyezera kaja, ka shunt, ndi ka amplifier pabodi pompo ndikanalipira mowonjezera osadandaula.

Ka piezo stack ndi nkhani ina. Ndi kachidutswa ka ceramic kotuwa, mamilimita 5 ndi 5 ndi kutalika pafupifupi 10, kali ndi tiwaya tiwiri kofiira ndi kakuda, mkati mwake muli timapepala tambirimbiri tosanjikizana ta ceramic yotchedwa PZT. Zoti miyala ina ukaifinya imatulutsa magetsi anazipeza abale awiri Jacques ndi Pierre Curie mu 1880, ndi zomwe zimathetheka mu laita ya sitovu ya gasi, ndipo mbali inayo ndi yoti ukaipatsa magetsi imatamuka. Amakaniko a dizilo mumaidziwa kale mu ma injector ena a common rail, ndipo ma printer a Epson amalavula inki ndi piezo yomweyo. Kutamuka kwake ndi pafupifupi 0.1 peresenti basi, nde ka mamilimita 10 kamayenda ma micron 10 kapena kuchepera pa ma volt 150, pomwe tsitsi la munthu ndi ma micron cha m'ma 70. Ndi maso simuona kanthu. Koma kamakankha ndi ma newton mazanamazana, kamayankha mu kachigawo kakang'ono ka millisecond, ndipo kakafika pamalo kamakhala pomwepo osadya magetsi kwenikweni chifukwa kwa dera la magetsi kali ngati capacitor chabe. Ndi chifukwa chake ma microscope oona maatomu, monga atomic force microscope yomwe Binnig, Quate ndi Gerber anapanga mu 1986, amasuntha nsonga yake ndi piezo.

Kuti tione kuyenda kwake tinabwereka dial gauge yowerenga 0.001 mm kwa madala ena osula zitsulo pa lathe ku Graniteside, nkumanga zonse pa chitsulo cholemera. Mnyamata uja amakweza voltage pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana singano, ndipo inkayendadi, kamzere kamodzi, kawiri, katatu, popanda chilichonse chooneka kuti chikusuntha, zinandigwira mtima zedi. Koma matenda aja ali pomwepo. Pa ma volt 75 pokwera ndi pa ma volt 75 potsika singano siima pamodzimodzi, ndipo zimenezi nzodziwika, hysteresis ya PZT imakhala 10 mpaka 15 peresenti ya ulendo wonse. Palinso creep, ukakweza voltage nkuisiya, kachidutswaka kamapitirizabe kukwawa pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri pambuyo pake, ngakhale pa gauge yathu zimenezo zinali pamalire penipeni pa zomwe ingaone, ndipo kungoika chala pa chitsulo chomangirapo kumasuntha singano chifukwa cha kutentha kwa thupi. Makampani ngati Physik Instrumente ya ku Germany amathana nazo pomata strain gauge pa stack kapena kuika capacitive sensor nkutseka loop, ena amalamula charge m'malo mwa voltage zomwe zimachepetsa hysteresis kwambiri, enanso amaika masamu mu pulogalamu owerengeratu kupotokako nkukubweza, monga model ya Preisach ya mu 1935 kapena ya Prandtl-Ishlinskii. Zonsezo pashopupo palibe, amakugulitsa ka stack kokha ndi ka boost module kokwezera voltage, komwe kamatulutsa magetsi osakhazikika, a ripple yambiri, ndipo pa piezo ripple iliyonse imasanduka kunjenjemera.

Apa ndiye ndili ndi dandaulo lenileni, ndipo ndinawauza bambo aja maso ndi maso mwaulemu. Palibe chenjezo lililonse pa ka piezo. Ma volt 150 si masewera, ndipo ka stack pamodzi ndi ma capacitor a module kamasunga magetsi ngakhale mwazimitsa, nde ana asukulu omwe amagula zinthu pamenepo atha kugwira tiwaya nkumenyedwa shoko. Ikani resistor yotayira magetsi, ya 1 megohm kapena chapompo, ndipo yezani ndi multimeter musanagwire. Musatembenuze kofiira ndi kakuda, voltage yaikulu yobwerera imafafaniza polarisation ndipo ka stack kamafa. Musakakoke, musakapinde, musakamange mopendekeka, ceramic imapirira kufinyidwa koma ikakokedwa imasweka, ndi chifukwa chake amaikhazika ndi sipuling'i yoifinya nthawi zonse. Komanso muli mtovu mu PZT, kakasweka musambe m'manja ndipo zidutswa zisakhale pomwe ana amasewera. Anamvetsera bwinobwino, anati, "Mwanena zoona achimwene," ndipo nditadutsanso ndinapeza alemba chenjezo ndi maka pa kabokosi komwe amasungiramo.

Nde ka piezo ndinganene kuti musagule pokhapokha muli ndi amplifier yabwino ndi choyezera ma micron, monga ophunzira a ku University of Zimbabwe kapena Harare Institute of Technology omwe angathe kufika mu lab, kwa ena tonsefe kangokhala mu kabati. Kiti ya waya yokha gulani, makamaka aphunzitsi ndi makolo omwe mukufuna mwana amvetse kuti feedback ndi chani, sindinaonepo chinthu chophunzitsa zimenezo msanga kuposa chala chomwe chikukana kumvera mpaka utachipatsa sensa. Ndalama ya kiti muiwonjezere ya AS5600, IRLZ44N ziwiri ndi mabawuti ang'onoang'ono, fani mupeza kwa aliyense wokonza ma laptop. Pogula funsani ngati ndi wa 70 kapena 90, yezani resistance pakauntala pompo, ndipo yang'anani kuti waya sanapindike mwakuthwa penapake chifukwa amadukira pomwepo. Bambo aja ati pa oda yotsatira aikapo waya wa 0.1 mm ndi ma AS5600. Akafika muonetsetse kuti maginito ake ndi aja ogawika north ndi south m'mbali, cham'mimba mwa kandalama, chifukwa wamba aja okhala north pamwamba south pansi kachipu sikawerenga nawo kuzungulira.